Lenzi imodzi ya kuphiri ndi ya m'bwato

Abale anga, chaka chino chokha anyamata atatu andifunsa funso limodzimodzi, wina ali ku Joni, awiri ali konkuno: "Achimwene, ndalama yanga ikukwana lenzi imodzi basi, ndigule iti yoti ndizikwera nayo phiri, ndiziyenda nayo paliponse?" Ndatopa kuyankha ndi mavoisi, ndiye ndati ndilembe kamodzi. Ndi zazitali. Amene za makamera sizikukukhudzani ingodutsani, sitidana.

Kwa amene uthengawu wakufikani kudzera mwa ena: ine kwathu ndi ku Chembe, ku Cape Maclear. Bambo anga ndi msodzi, ine ndimadyera kuperekeza alendo ndi kujambula. Lero ndili m'boti kuseri kwa chilumba cha Thumbi, mwezi wamawa ndili ku Mulanje, nthawi zina pa Ilala. Situdiyo ndilibe. Kamera yanga ndi Nikon D5300 yogula kwa munthu, ndipo lenzi imene imakhala pamenepo osachoka ndi 18-140mm. Yankho lalifupi ndi limenelo. Koma musathamangire kukagula musanamve chimene lenzi imeneyi imandipatsa ndi chimene imandimana, chifukwa chimene imandimanacho si chaching'ono kwa ine.

Tiyambe ndi manambala aja, poti ndi amene amasokoneza ambiri. Nambala ya mm ikakhala yaing'ono, lenzi imaona motambalala: pa 18 ndikaima pagombe ndimatenga mabwato, mathandala a usipa, madzi ndi chilumba, zonse m'chithunzi chimodzi. Ikakhala yaikulu imaona kachigawo kakang'ono koma kokokeredwa pafupi: pa 140 ndimatenga nkhope ya munthu amene ali m'bwato lina. Ndiye pali kamsampha. Makamera ambiri amene ife timakwanitsa, ma D3400, ma D5300, ma Canon 700D, ali ndi sensa yaing'ono. Kuti ufanizire ndi makamera akuluakulu aja a full frame, nambala ija uichulukitse ndi 1.5 ngati ndi Nikon, Sony kapena Fujifilm, ndi 1.6 ngati ndi Canon. 18 yangayi ikuona ngati 27, 140 ikuona ngati 210. Ukamva mzungu pa YouTube akutamanda 24-105 kuti ndiyo mfumu ya maulendo, sakunama ayi, koma akunena za kamera yake. Pa yakoyo 24 isanduka 36 kapena 38, phiri silikwana m'chithunzi, udzabwerera chafutambuyo mpaka kugwera m'dzenje.

Pali akatswiri ena, ndipo ndimawalemekeza, amene amati siya zumu, gula 35mm f/1.8, miyendo yako ndiyo ikhale zumu. Ukafuna pafupi sendera, ukafuna zambiri bwerera. Kalenzi kameneka n'kabwino zedi. Ka Nikon kamalemera magalamu 200 okha, n'kotchipa, chithunzi chake n'chakuthwa. Mumsika wa ku Limbe kapena paukwati malangizo amenewo ndi oona. Koma amene amanena zimenezi sanakhalepo m'bwato. M'bwato mulibe kosendera, amwene. Ukasendera, usambira.

Alendo athu timapita nawo kukaona nkhwazi. Woyendetsa boti amaimba likhweru, amaponya nsomba pamadzi, nkhwazi imanyamuka mumtengo ili kadontho, ikutsika, yatambasula zikhadabo, yatola, yapita. Zonsezi timasekondi tochepa. Ine ndimayamba nayo pa 140 idakali kutali, ikamayandikira ndimabweza zumu kuti mapiko asadulidwe, shata ili pa 1/2000. Ndi 35 ukatenga nyanja yokongola ndi kachinthu kakuda pakati, n'kumalozera anthu ndi chala kuti nkhwazi ija ndi iyi.

Kuphiri nako miyendo si yoti uziiyendetsa mmene ukufunira. Amene munakwerako Mulanje kuyambira ku Likhubula mukudziwa. Tsiku loyamba kukagona ku Chambe, lina kudutsa kukagona ku Chisepo, kenako m'mamawa kudakali chisisira kuyamba Sapitwa, mamita 3,002. Chigawo chomalizacho si kuyenda ayi, ndi kukwawa. Pali matanthwe amene umakwera ndi manja onse awiri, pali malo amene umalowa pansi pa miyala ngati mbira, chikwama chikukhula pamwamba. Wotsogolera akaloza poti uponde, umaponda pomwepo. Uku ndi chiphedi, uku ndi mpata wa miyala wosaoneka pothera. Ndiye ukuona nsonga ya Chambe uko yayamba kufiira ndi dzuwa lotuluka, pafupi ndi bondo lako pali kaduwa komera pamng'alu wa thanthwe. Zonse ziwiri ukuzifuna, uli pamalo amodzi, phazi lina lili pamwala wogwedera. Ine ndimangopotoza mphete ya zumu, basi. Lenzi yangayi imafokasa ngakhale chinthu chili pa masentimita 45, ndiye kaduwako nako kamalowa.

Komanso phiri lija silidikira munthu. Nyengo ya chiperoni, Juni ndi Julayi, mitambo imang'ambika kamphindi: chigwa cha Phalombe chaoneka, nyanja ya Chilwa yaoneka. Ukamati utsitse chikwama usinthe lenzi, yatsekanso. Watsala ndi chithunzi choyera ngati ufa.

Ambiri amaganiza kuti nkhani ya lenzi imodzi ndi nkhani ya kulemera. Pang'ono chabe. Tiwerengere: 18-140 imalemera magalamu 490, pamodzi ndi kamera ndi ngati paketi imodzi ya shuga. Utati unyamule zitatu, 18-55, 70-300 ya AF-P ndi ka 35 kaja, malenzi atatuwo pamodzi sakufika kilo. Kusiyana kwake sikufika ngakhale kabotolo ka madzi. Munthu wokulira kukoka khoka sangalire ndi zimenezo. Ngakhale, tinene zoona, ife a kunyanja mapewa tili nawo koma maondo tilibe. Potsika njira ya Skyline ndi pamene umakumbukira kuti unabadwira pamchenga. Koma nkhani yeniyeni ndi kusintha.

Kusintha lenzi kumafuna manja atatu ndi malo opanda mphepo. Lina ligwire kamera, lina lenzi yochoka, lina yolowa, chivindikiro chili kukamwa, ndipo nthawi yonseyo mimba ya kamera ili yasaa. Mwera ukayamba, Meyi mpaka Ogasiti, pitani ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota mukaone mchenga ukuuluka mpaka m'nsima. Ife a ku Chembe mapiri amatitchinjirizako, koma mpoto ukabwera ndi dzinja nafe timalawa. Manja ali ndi mamba a usipa, madzi akuwazikira m'boti. Fumbi likalowa n'kukakhala pasensa, chithunzi chilichonse cha thambo chimatuluka ndi timadontho pamalo amodzimodzi, ndipo woti akutsukire bwinobwino si wa pafupi, ndi ulendo wa ku Lilongwe kapena Blantyre. Ndinaonapo mlendo wina ali ndi chikwama cha malenzi odula kuposa injini ya boti, akusintha pakati pa nyanja. Funde linagunda, lenzi inagubuduka n'kukagona m'madzi a pansi pa boti limodzi ndi nyambo. Tsiku lonse sanayankhulenso. Pa Ilala nako, m'malo opanda jeti timatsikira m'maboti ang'onoang'ono, matumba a ufa, nkhuku, ana, tonse pamodzi, kenako kudumphira m'madzi ofika m'maondo, mwina m'chiuno. Pamenepo umafuna kamera imodzi, lenzi imodzi, m'pulasitiki, pamutu.

Wina afunsa: ngati zumu ili bwino choncho, bwanji osangogula yaitali kwambiri, 18-300 kapena ya Tamron ija ya 18-400, n'kuthana nazo? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Malenzi amenewo alipo ndipo ena amawakonda, sindiwanyoza. Koma apa pabwera nambala inayo, ya f. Nambala ya f imanena kukula kwa khomo lolowera kuwala, ndipo imayenda chobwerera: ikakula, khomo lachepa. Yanga imayambira f/3.5 pa 18, n'kufika f/5.6 pa 140. Zazitalizo kumapeto zimafika f/6.3, ndipo kumapetoko chithunzi chimayamba kufewa. Pa 300 kapena 400 kugwedezeka kulikonse nako kumakula. M'boti loyandama nkhwazi imalowa n'kutuluka m'galasi ngati nsomba muukonde wong'ambika. Kuonjeza apo, Seputembala ndi Okutobala anthu akamatentha tchire, mlengalenga mumadzaza utsi, tsidya la nyanja silioneka n'komwe. Lenzi yaitali imangokukokera utsiwo pafupi. D5300 ili ndi mamegapikiseli 24, ndiye chithunzi chakuthwa cha pa 140 ndikhoza kuchidula pakompyuta n'kutsalabe ndi chokwanira kutumizira mlendo.

Pano ndiikepo mawu amodzi kwa anyamata anzanga. Zumu imakupatsa mphamvu yojambula munthu iye osadziwa. Pagombe lathu amayi amasamba, amachapa, amayamwitsa. Kuphiri umakumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni, thukuta lili chuchuchu. Amenewo si nkhwazi. Sendera, pereka moni, pempha. Akakana, akana. Ine kwathu aliyense amandidziwa mpaka agogo anga. Nditaba chithunzi cha mayi wa eni, madzulo ake nkhani ili kwa amfumu. Amene mukupita kumudzi kwa eni, chitani ngati nanunso akukudziwani.

Tsopano zimene lenzi yangayi imandimana. Ku Likoma, m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's chija, 18 imachepa. Umafuna denga, zipilala ndi guwa zilowe pamodzi, ukamabwerera msana wagunda khoma. Pali malenzi oyambira pa 16, ngati 16-80 ya Nikon, ndipo timamilimita tiwirito kumbali yotambalala timaoneka kwambiri kuposa mmene mungaganizire. Koma mtengo wake ndi wina, ndipo imathera pa 80, nkhwazi yanga yapita. M'tchalitchimo ine ndimatulutsa foni. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri imaona ngati 24 kapena 26, ena ali ndi inanso yotambalala koposa. Ichi muchiganizire pogula: mbali yotambalala foni yaigwira kale, chimene foni yotchipa singachite bwino ndi kukoka. Ku Liwonde timbalame ta m'mbali mwa Shire timandichepera; njovu ndi mvuu ndiye zimakwana. Izi sizindisowetsa tulo.

Ndisanafike pa chimene chimandisowetsa tulo, za kasungidwe ndi kagulidwe, poti lenzi ukakhala nayo imodzi ikadwala ndiye kuti ntchito yaima. Chichewa chathu chili ndi nkhungu zitatu ndipo zonse zimadana ndi lenzi. Yoyamba ndi ya kuphiri ija, imene imanyowetsa chilichonse mvula isanagwe n'komwe. Yachiwiri ndi ya panyanja, touluka tija timene timatuluka m'madzi ngati utsi. Mukakumana nato pa Ilala cha ku Nkhata Bay, timamatirira pagalasi, ukapukuta mwaukali timapaka mafuta. Yachitatu ndiyo yoopsa, nkhungu yomera. Chinyontho cha kunyanja kuno, makamaka dzinja, chimameretsa nkhungu mkati mwa magalasi, imayamba ngati kaulusi ka kangaude m'mphepete n'kumafalikira. Imakonda mdima ndi malo osapita mphepo, ndiye kusiya kamera m'chikwama pansi pa bedi mwezi wathunthu ndiko kuiphikira nsima. Ine ndimasunga yanga m'kontena yapulasitiki yotseka bwino, muli timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo ndikabwera kuphiri ndimaiyanika kaye pamalo opita mphepo ndisanatsekere. Kutsogolo kuli fyuluta yoyera ya 67mm yolandira mchenga ndi madzi. Ikakandika ndigula ina, lenzi ili bwino.

Ambiri mugula yogwiritsidwa kale ntchito, kaya kwa munthu, kaya yobwera pabasi kuchokera ku Johannesburg. Ichotseni pakamera, muunikire tochi ya foni mbali iyi, muyang'ane mbali inayo. Kafumbi pang'ono si vuto, lenzi iliyonse ya zumu imakoka mpweya. Ulusi wa kangaude kapena chifunga mkati, isiyeni ngakhale akutsitsireni bwanji. Potozani zumu kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Mukamva kukukuta, muli mchenga. Muiike pa kamera yanuyo, osati ya wogulitsa, muone ngati ikufokasa yokha. Ichi n'chofunika kwa a Nikon: ma D3000 ndi ma D5000 onse alibe mota ya fokasi m'thupi, amafuna lenzi yolembedwa AF-S kapena AF-P. Ka 50mm f/1.8D kotchipa kaja kalowa bwinobwino koma sikafokasa kokha. Ndipo AF-P siyenda pa zakale ngati D3100 ndi D5100. Iwe wa ku Joni, usangotumiza chifukwa yatsika mtengo, funsa kaye kamera imene ikukaikidwapo. A Canon yanu yofanana ndi yangayi ndi EF-S 18-135, kapena RF-S 18-150 pa makamera atsopano opanda kalilole mkati; a Sony ndi a Fujifilm nanunso muli ndi 18-135 yanu. Ya kampani iyi silowa pa kamera ya kampani iyo, musanamizidwe.

Tsiku limene ndinafika nayo lenzi kunyumba, bambo anali pansi pa mtengo akusoka ukonde. Anandifunsa kuti chinthuchi chimagwira chiyani. Ndinati chimagwira zonse, za pafupi ndi za kutali. Sanadzutse n'komwe mutu. Anati, "Iwe, ukonde umodzi wogwira usipa ndi kampango yemwe unauona kuti?" Iwo ali ndi matchera a chambo, mbedza za kampango, ndipo usipa amakagwira ndi chilimira. Chilichonse ndi chida chake.

Nsomba imene ukonde wangawu sugwira ndi usiku.

Amene simunakulire kunyanja, usipa amagwira usiku wopanda mwezi. Bwato limodzi limatsogola ndi nyali, kale zinali za parafini zopopa zija, masiku ano ambiri ndi mababu a batire. Wokhala m'bwato limenelo timamutcha siginala. Iyeyo ndiye amadziwa pamene usipa wasonkhana pansi pa kuwala, amaukoka pang'onopang'ono ndi nyali zakezo, n'kupereka chizindikiro kuti alovi aponye chilimira, azungulire, akoke. Si ntchito ya aliyense. Bambo anga akhala siginala kuyambira ine ndisanabadwe. Panopa msana wayamba kuwavuta, amapita mwa apo ndi apo, ndipo amayi akuwakakamiza kuti asiye. Chithunzi chimene ndimachifuna kuposa nkhwazi, kuposa Sapitwa, ndi nkhope yawo pa kuwala kwa nyali, maso ali m'madzi.

Pamenepo 18-140 imagwada. Kuwala n'kochepa, bwato lawo likugwedezeka, boti limene ndakwera ine likugwedezeka, manja a alovi akuthamanga. Lenzi yanga ili ndi VR, imene imathandiza manja anga akamanjenjemera, koma VR siimitsa munthu amene akuyenda. Kuti nkhope isasungunuke ndimafuna shata ya 1/125 kapena kuposa. Ndikakoka zumu kuti ndiwafikire, khomo lachepa kufika f/5.6, ISO ndiikweze mpaka chithunzi chichite mchenga. Ndikabwerera pa 18, khomo lakula kufika f/3.5, koma bambo asanduka kanthu kakang'ono pakati pa mdima. Ka 35 kaja pa f/1.8 kamalowetsa kuwala pafupifupi kanayi kuposa f/3.5, ndipo pafupifupi kakhumi kuposa f/5.6. Kusiyana kumeneko ndiko kusiyana kwa nkhope ndi chizukwa.

Ndiye funso limene ndimawabwezera anyamata ondifunsa aja ndi ili: pa zithunzi zonse zimene ukuzifuna, ndi chiti chimene ungapirire kuchitaya? Ngati maulendo ako ndi a m'tauni, m'matchalitchi, pamoto usiku, nkhope za anthu, gula 35, utaye nkhwazi. Ngati ndi a kuphiri ndi pamadzi masana ngati anga, gula zumu yapakati, utaye usiku. Ine ndinawerenga masiku: pa chaka chonse, masiku amene ndimadyera masana ndi ochuluka, ndipo ndi amene amagula ufa ndi mankhwala a msana wa bambo omwewo. Ndinasankha masana ndikudziwa chimene ndikusiya.

Usiku umodzi wokha ndinabwereka. Mnzanga wina wojambula maukwati ku Mangochi boma anandipatsa ka 35 kake kwa masiku awiri, ine ndikamubwezere ndi ndowa ya usipa wouma. Ndinasinthira m'nyumba, chitseko chotseka, 18-140 ndinaitsekera m'kontena, n'kunyamuka ndi lenzi imodzibe. Poti ndi 35 sungakoke, ndinapempha kukwera m'bwato la nyali lomwelo. Bambo anakana kawiri, akuti ndiwathawitsira nsomba. Kachitatu anati, "Ukhale phee ngati mwala. Ukatsokomola ndikusiya pa Domwe." Ndinakhala kumchira maondo ali pachifuwa maola ambiri, miyendo itachita dzanzi, madzi akulowa m'kabudula. Ndinajambula zoposa 100. Zambiri zinagwedezeka. Zitatu zinatuluka, ndipo chimodzi ndi chija ndinkachifunacho: theka la nkhope lili mu kuwala, makwinya onse akuoneka, dzanja lili pankhafi, kumbuyo nyali za mabwato ena zasanduka timipira tofewa.

Ndinakachitsukitsa ku Lilongwe, chachikulu, n'kuchiika mufelemu. Amayi atachiona anangokhala chete n'kulowa kukhitchini. Bambo anachigwira patali, poti maso a pafupi anayamba kale kuwavuta, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Nanga usipa uli kuti? Tsiku limene lija tinapha wambiri. Anthu aziti ndinangopita kukaotha nyali."